Maloboti a Panjira ya Kumanda

Kwathu maliro akamadutsa, dziko limaima. Wapanjinga amatsika, wachipewa amavula, ndipo minibasi imene siimira ngakhale ng'ombe imapatuka n'kuzimitsa wailesi. Pamsewu amayalapo masamba, kuti wothamanga adziwe kuti pano pali misozi. Ine ndinakula ndikudziwa zimenezo. Tsiku limene ndinatera ku Toronto anandilanda usipa wanga pabwalo la ndege, koma palibe anandiuza kuti mwambo umenewunso ndiusiye pomwepo.

Mnzanga anamwalira masamba a mitengo atayoyoka, kuzizira kukuyamba kumene. Tonse tinali a ku Ntcheu, ngakhale tinadziwana kuno, pantchito yosamalira okalamba m'nyumba zawo. Iye ankakhala yekha ku Scarborough, pamwamba pa chinyumba chosanjikizana, ine ndi bambo a ana anga ku Etobicoke, mbali ina ya mzinda womwewu. Analibe mwamuna, analibe mwana, koma anali ndi mawu. Pamaliro onse a Amalawi ndi a anzathu a ku Zambia kuno, nyimbo ankayambitsa ndi iyeyo. Ankafika atavala yunifolomu ya kuntchito, n'kumanga chitenje pamwamba pake, n'kukhosomola kamodzi, basi nyumba yonse yadziwa poyambira.

Kuyendetsa galimoto sanaphunzire, ankati manja ake ndi owombera m'manja. Ndiye kwa zaka zambiri woyendetsa wake ndinali ine. Kukagwa zovuta ku Hamilton kapena kwina kulikonse, ndinkayamba kutenga iyeyo, kenako amayi ena a kwaya. Mpando wakutsogolo unali wake, ndipo kumeneko ankandilamulira ngati galimotoyo anagula ndi iye. Ankati ndimathamanga, ankati ndimachedwa, ndipo ndikayesa kuimba nawo ankanditsina n'kunena kuti ndiyang'ane msewu, nyimbo ndisiyire eni ake.

Amayi a mnzanga, amene anali kumudzi, anapempha viza kuti adzaike mwana wawo, koma anawakaniza. Achibale anagwirizana kuti aikidwe konkuno. Tsiku loti mawa maliro ndinalankhula nawo pafoni. Sanalire, sanafunse za bokosi kapena za katundu wa m'nyumba. Anangoti, "Mwana wanga, iyeyo amaimbira anthu. Mukamuimbire bwino mpaka dothi lomaliza." Ndinavomera mosavuta, chifukwa galimoto yanga ndi yaikulu, ndipo oimba onse ankakwera momwemo.

Tinatuluka m'tchalitchi Loweruka m'mawa. Kutsogolo galimoto ya maliro, kenako ya abusa, kenako ine, magetsi akuthwanima, amayi kumbuyo akuimba. Manda ali kutali, kumpoto, kumene nyumba zimathera n'kuyamba minda. Titafika pamphambano ina yaikulu, galimoto ya maliro inadutsa maloboti ali achikasu, abusa nawo anadutsa, ndipo pofika ine anafiira. Ndinayang'ana uku ndi uku. Magalimoto a m'mbali anali asananyamuke. Mayi wina wa ku Chipata, amene anakhala kumbuyo kwanga, anasiya nyimbo nati, "Ba sisi, pitani chabe, maliro sasiya pa njira." Ngakhale akanakhala chete ndikanapitabe, phazi langa silinaphunzire kusiya bokosi. Ndinadutsa pang'onopang'ono, mwaulemu, ngati mmene munthu amadutsira pakati pa akuluakulu.

Tisanapite patali, kumbuyo kunayaka magetsi ena. Wapolisiyo anali waulemu, ndipo ulemu wakewo ndi umene unandipsetsa mtima kwambiri. Ndinamulozera galimoto ya maliro ikuzimiririka kutsogolo. Anandipepesa chifukwa cha imfayo, n'kundifotokozera kuti kuno mdipiti wa maliro umaima pa maloboti ngati wina aliyense, pokhapokha ukamaperekezedwa ndi apolisi. Anatenga laisensi yanga n'kukakhala m'galimoto yake nthawi yokwanira kuphika nyemba. Atabwerako anandipatsa tikiti ya chindapusa, nati ndiyende bwino.

Manda a kuno ali ngati tauni, ali ndi misewu ndi mphambano zake, ndipo tinasochera momwemo. Komanso amayendera wotchi. Loweruka ogwira ntchito amaweruka msanga, sadikira kuti oimba afike. Pamene tinapeza malowo, bokosi linali litatsika kale, abusa atatseka buku, ndipo kathalakitala kanali kakukankhira dothi m'dzenje. Ndinamva kuti azibambo amene analipo anayesa kuyambitsa nyimbo, koma inawafera pakhosi. Munthu amene anaimbira aliyense anaikidwa ndi phokoso la injini. Ndinaima pamenepo tikiti ili m'thumba la jasi, ndipo sindinalire, m'mtima munali ukali wokhawokha.

Wina anali atajambula zonse pafoni n'kutumiza kumudzi. Madzulo ake ndinawaimbira foni amayi a mnzanga. Ndinafotokoza za maloboti ndi za wapolisi, n'kulonjeza kuti sabata yamawa tibwerera tonse kukaimba. Iwo anati, "Ayi. Nyimbozo musunge. Ndipemphanso viza mpaka atope nane. Ndikadzabwera, inu amene munanyamula oimba mudzandinyamule inenso, mudzandidutsitse njira yomwe anadutsa mwana wanga." Sanandidzudzule ngakhale pang'ono, ndipo zimenezo zinandilemera kuposa kutukwanidwa.

Tikiti ija ndinakana kulipira. Ndalama yake ndikanaipeza, sinali nkhani ya umphawi. Kulipira kunali kuvomera kuti kutsata bokosi la mnzanga ndi mlandu, ndipo mawu amenewo sakanatuluka pakamwa panga. Aboma anali atandilanda kale maliro, ankafunanso chiyani? Bambo a ana anga ndi munthu wofatsa, wokonda zinthu zolongosoka, amene anasiya kuyendetsa galimoto matenda a shuga atawafooketsa maso. Anawerenga kuseri kwa tikitiyo ndi galasi lawo, nati, "Mayi, apa akuti muli ndi masiku owerengeka, mulipire kapena mukapemphe tsiku la khothi. Mlandu suwola." Ndinawayankha kuti usawole, ukhale pomwepo, tione amene ayambe kutopa. Kukhothi sindinapite. Masabata amenewo ndinali kulongedza zovala za mnzanga m'makatoni, ndipo sindinkafuna kuona munthu aliyense wa boma.

Makalata anabwera, ndipo ndinkawerenga onse, sindinganame kuti sindinkadziwa. Yoyamba inati popeza sindinayankhe, khothi landipeza wolakwa ine kulibe. Ina inati chindapusa chakwera. Yomaliza inafika sinowo itayamba kugwa, yonena kuti laisensi yanga yaimitsidwa kufikira nditalipira. Ndinaipinda, n'kutenga makiyi a galimoto, n'kuwapachika pamsomali kukhitchini. Wamakani ndine, koma wopusa ayi. Sindinayendetsenso.

Chisanu chonsecho ndinayenda pa basi. Amene amagwira ntchito yathu akudziwa tanthauzo lake. Uyenera kusambitsa agogo ena kuno m'mawa, kupatsa ena mankhwala kuseri kwa mafakitale, kuphikira ena kumunsi uko, ndipo onse amakudikira pa ola lawo. Pagalimoto ndi pafupi, koma pa basi umatsika, umadikira, umakwera ina yolowera kwina, chikwama cha magolovesi chili paphewa. Ndinaphunzira kuvala masokosi awiriawiri ndi kuima mofulatira mphepo. Ndege zinkadutsa pamutu panga zikutera, ine ndili pasiteji zala zitauma. Tsiku lina ndinaterereka pa madzi oundana n'kugwa chagada pamaso pa basi yodzaza, ndipo ndinadzuka msanga n'kukwera, ndikuyang'ana aliyense m'maso kuti aseke ngati akufuna.

Abwana anandichotsera nyumba zakutali, malipiro anachepa. Agogo ena amene ndinawasamala zaka zambiri anapatsidwa munthu wina, ndipo ndinamva kuti masiku oyamba ankakana kudya. Zimenezo zinandipweteka. Komabe madzulo ndikaona makiyi pamsomali paja, mtima unkati sindinagonje. Bambo a ana ankandiseka. "Boma la kuno likugona tulo tabwino, inu mukuzizidwa. Ndiye akulangidwa ndani?" Ndinkawauza kuti adye, asiye za eni. Kutchalitchi nkhani inali itafala. Ena ankati ndine wolimba mtima, ena ankati mutu wanga suyenda bwino, koma onsewo ankafuna kudziwa kuti galimoto iyamba liti kuyenda, poti analibe wowatengera ku maukwati.

Sinowo itasungunuka, foni inalira ndili m'basi. Anali amayi a mnzanga. Viza inali itatuluka, mwana wawo wina wa ku Joni anali atagula kale tikiti ya ndege, ndipo ankabwera mwezi womwewo kudzakhala masabata ochepa chabe. "Galimoto ija ilipo?" anafunsa. Ndinati ilipo. Inalipodi, itatuwa ndi fumbi pansi pa nyumba pamene timaimika magalimoto.

Ndinatsika pasiteji yolakwika chifukwa cha maganizo. Ndinakana kulipira chifukwa cha mnzanga, ndipo tsopano kukana komweko kunali kundilepheretsa kumufikitsira amayi ake ndi nyimbo zake. Ndinayenda wapansi mpaka kunyumba ndikudziyankhula ndekha.

M'mawa mwake ndinapita kukhothi nditavala diresi la kutchalitchi. Ndinkafuna woweruza, munthu woti ndimuyang'ane m'maso. Ndinapeza mzere, kapepala ka nambala, ndi mayi wina kuseri kwa galasi. Anayang'ana pakompyuta n'kundiuza kuti nthawi yodziteteza inadutsa kale. Njira yopempha kuti mlandu utsegulidwenso inalipo, koma inali ya mapepala ndi kudikira, ndipo sakanandilonjeza kuti itha mwezi umenewo kapena kuti andivomera. Yachidule inali imodzi: kulipira zonse, kupita ku ofesi ya malaisensi kukalipiranso ndalama yobwezeretsera, kenako kudikira masiku angapo. Popeza woweruza panalibe, ndinamufotokozera iyeyo nkhani yonse, kuyambira masamba a pamsewu wa kwathu mpaka kathalakitala. Anthu kumbuyo kwanga ankasunthasuntha mapazi. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena motsitsa mawu kuti kuzilumba kwawo nakonso bokosi salisiya. Kenako anandifunsa ngati ndilipira ndi khadi. Ndinati ndikaganize.

Madzulo mayi wa ku Chipata uja anabwera kunyumba ndi amayi ena a kwaya. Atamva nkhaniyo anati, "Ba sisi, ni tsiku imodzi chabe. Mudraive, ndani azaziba? Mapolisi sacheka aliyense." Wina anati tingopempha mlamu wake ayendetse, ine ndikhale kumbuyo. Bambo a ana anati kapena tigawikane m'matakisi. Ndinadziona ndili m'mphepete mwa msewu kachiwiri, magetsi a apolisi kumbuyo, galimoto ikukokedwa, mayi wokalamba amene wawoloka nyanja ataima panja ndi nkhata ya maluwa m'manja. Zimenezo ayi. Zokhala kumbuyo nazonso ndinakana. Amayi a mnzanga sanatume mlamu wa munthu, sanatume takisi. Anatuma ine, ndipo ulendo umene ndinauyamba ndi manja anga sindikanaumaliza ndili pampando wa alendo.

"Ndilipira," ndinatero.

Kenako wa ku Chipata uja anatsegula kachikwama kake. Ndinayamba kukana, koma anandidula. "Mu motoka muja munali mweka? Si ndine n'nakuuzani kuti pitani? Mlandu ni wathu tonse." Amayi ena, ngakhale amene sanabwere madzulowo, anatumiza zawo mawa lake. Chindapusa chinali chitaswana m'miyezi imeneyo, ndipo ndinalandira. Maliro n'kulirana, ndipo awa anali asanathe.

Ndinabwerera pagalasi lomwe lija. Ndisanapereke khadi ndinamuuza mayiyo kuti alembe kuti ndalipira koma sindinavomere. Anati malo olemba zimenezo palibe. Ndinati palibe kanthu, wamva ndi makutu ake. Kuchoka apo ndinakwera basi kupita ku ofesi ya malaisensi, komwe ndinaimanso pamzere n'kulipiranso. Anandiuza kuti ndisakhudze chiwongolero kufikira kompyuta yawo itavomera kuti ndamasulidwa. Ndinafunsa chifukwa chake kulandira ndalama kumafulumira koma kumasula munthu kumachedwa. Bambo wa pamenepo anangoitana nambala yotsatira.

Amayi a mnzanga anatera ndisanamasulidwe. Tinapita pa basi kukawalandira kubwalo la ndege, n'kubwera nawo pa takisi. Anali aafupi, owonda, atavala jasi la mwana wawo wa ku Joni lowafika m'maondo, ndipo nkhope yawo inali ya mnzanga yeniyeni, moti ndinayang'ana kumbali. Atapuma n'kumwa tiyi anafunsa za galimoto, ndipo ndinawauza zonse. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zanga zimene zinadyedwa ndi mchere umene amathira m'misewu posungunula sinowo.

"Ndiye chisanu chonse mwayenda pansi chifukwa cha mwana wanga?"

"Ee, amayi."

Anapukusa mutu. "N'chifukwa chake munkagwirizana. Naye anali wotero. Ukamuuza kuti uwo ndi moto, ankayamba waugwira."

M'mawa uliwonse ndinkayang'ana pafoni ngati ndamasulidwa, ndipo m'mawa uliwonse inkakana. Masiku awo okhala kuno anali kutha. Iwo sankafunsa, ankangokhala pawindo kuyang'ana ndege, ndipo kusafunsako kunkandidya. Ndinatsikira pansi ndi ndowa n'kutsuka galimoto yonse, mkati ndi kunja. Batire linali litafa, mnansi wathu anabwera ndi zingwe zake kudzalidzutsa. Injini inalira, ndinaisiya ikulira, osasuntha galimotoyo ngakhale phazi limodzi. Lachisanu masana, ndili m'khitchini ya agogo ena ndikusenda mbatata, foni inavomera. Ndinakhala pampando wa eni n'kuyamba kuseka ndekha, mpaka agogowo anafunsa ngati ndawina lotale.

Loweruka tinakumana kutchalitchi kuti tiyambire pomwe tinayambira. Amayi a kwaya anakwera kumbuyo atavala zoyera ndi maduku. Amayi a mnzanga ndinawatsegulira chitseko chakutsogolo, ndipo anakhala pampando wa mwana wawo, nkhata ya maluwa ili pamiyendo. Panalibe galimoto ya maliro yoti ndiitsate, koma ndinayenda liwiro la maliro, ndipo amene anali ndi changu anandipitirira. Ndinkawauza kuti apa tinakhota, apa mitengo iyi inalibe masamba. Iwo ankangogwedeza mutu, akuyang'anitsitsa zonse ngati adzakafunsidwa kumudzi.

Mphambano ija ndinaiona patali. Maloboti anali obiriwira, ndipo mumtima ndinawapempha kuti akhale choncho. Titayandikira anasanduka achikasu. Kumbuyo nyimbo inaduka. Ndikanatha kudutsa, mpata unalipo, ndipo phazi langa linali litayamba kale kulemera, pakuti ukali uja unali usanachoke. Amayi aja anaika dzanja pamkono panga.

"Ndi pano?"

"Ndi pano, amayi."

"Imani, mwana wanga. Amene tikukamuonayo sathawa."

Ndinaima. Magalimoto anayamba kudutsa patsogolo pathu, anthu opita kumisika yawo, osadziwa kanthu. Kenako amayi aja anakhosomola kamodzi. Tonse m'galimotomo tinakudziwa kukhosomola kumeneko. Anayambitsa nyimbo ndi mawu okalamba koma olunjika, ndipo amayi kumbuyo anailandira. Misozi imene inakana kutuluka tsiku la maliro inabwera yonse pamenepo. Maloboti anabiriwira ine osaona, wa kumbuyo analiza hutala, ndipo wa ku Chipata anandipatsira nsonga ya chitenje chake kuti ndipukute m'maso. Ndinanyamuka pang'onopang'ono.

Mpaka lero ndimaima pa maloboti ofiira, ngakhale ndikutsata bokosi, chifukwa kwa eni kulibe mkuwe. Koma wina akandifunsa ngati ndinalakwa tsiku lija, ndimati ayi.

Kumanda tinafika dzuwa lili bwino, udzu utamera pamtumbira. Panalibe injini, panalibe wotiyang'anira wotchi. Amayi anagwada n'kuika nkhata, n'kuuza mwana wawo kuti afika, anachedwa ndi viza. Tinaimba nyimbo zonse zimene tinasunga, ina pambuyo pa ina. Itatsala yomaliza anatembenukira kwa ine nati, "Iyi muyambitse ndinu, mwatifikitsa." Mawu anga ndi a chule, ndipo akanakhalapo mnzanga akananditsina. Ndinakhosomola kamodzi, n'kuyamba.